Chaka chimene mutu wanga unayamba kundinamiza

Lachinayi lina m'mwezi wa Meyi 2024 tinakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi, amayi 23, bokosi la banki m'khonde lili pakati ndi maloko ake atatu. Ine ndine mlembi wa gululi, ndipo zaka zinayi zonse palibe anandilozapo chala. Tsiku limenelo mayi wina anadzuka n'kunena kuti ngongole yake ya K40,000 anabweza kale. Ndinatsegula buku, mulibe.

"Aphunzitsi, ndinakupezani pamjigo Lolemba, ndinakupatsirani m'manja mwanu. Munavala chitenje chobiriwira chija."

Ndinamuyang'ana, ndinafufuza m'mutu, munali mdima wokhawokha. Ndalama sindinaikumbukire, mjigo sindinaukumbukire, ngakhale Lolembalo. Madzulo ndinaipeza m'buku la sikimu, ili chipindire mmene anandipatsira. Ndinakaipereka usiku womwewo kwa msungichuma, koma mbiri inali itafika kale pamsika: mphunzitsi wadya za banki.

Ndikulembera munthu amene mutu wake wayamba kutaya zinthu chonchi, n'kumaganiza kuti walodzedwa kapena misala yayamba. Ine ndinaganiza zonse ziwiri, koma anali matenda a kukhumudwa.

Kwathu ndi cha ku Chamama ku Kasungu, ndimaphunzitsa Sitandade 6. Chaka chimenecho chinatipanikiza mbali zonse. Fetereza tinagula pangongole kwacha itangogwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kenako mvula inadula, chimanga chinauma chili ndi ngayaye, fodya wa abambo akunyumba sanakule, ndipo mabelo amene anapita ku Chinkhoma anali owerenga ndi zala za dzanja limodzi. Mu Malichi amayi anga anamwalira atadwala sabata imodzi yokha. Tinaika maliro, anthu anabalalika, ine ndinabwerera m'kalasi monga achitira aliyense.

Zinayambira pa tulo. Ndinkadzidzimuka tambala woyamba asanalire, n'kukhala maso kudenga mpaka kucha, kuwerengera ngongole yomweyo mobwerezabwereza ngati kuti isintha. Nsima inasiya kukoma. Kukwaya ndinasiya ponamizira chimfine. Kenako kunabwera kuiwala: mchere kuthira kawiri m'ndiwo, foni kuipeza m'dengu la ufa, mwana amene ndakhala naye kuyambira Seputembala kumuitana kuti "iwe wajuzi yofiira" chifukwa dzina lathawa. Kuchipatala chaching'ono ndinapita katatu, katatu konse anandibaya chala, malungo mulibe. Ndinkangonena kuti mutu ukuwawa, thupi likuphwanya. Zinazo ndinalibe mawu ozinenera.

Chinkandizunguza n'chakuti mutu womwewo wotaya ndalama za anthu unasunga tsiku limene amayi anatisiya ngati chithunzi. Fungo la mankhwala okolopera mu wodi, kapu yachikasu pakabati, phazi lawo litatulukira kunsi kwa bulangete. Ndinkadzifunsa kuti ngati ubongo wawonongekadi, bwanji sukuwonongeka mbali iyi, imene ndikanakonda itafufutika?

Mchimwene wanga wamng'ono anaphunzira za maganizo ndi khalidwe la anthu ku Chancellor College ku Zomba. Kumudzi tinkamuseka kuti anasankha sukulu yosadyetsa, bola akanachita zaulimi. Anabwera mu Juni kudzaona manda, ndipo alamu ake anali atamutsina kale khutu za ine. Tinakhala pakhonde tikuswa mtedza wochepa umene unapulumuka.

"Achemwali, tiyeni tisewere. Ine nditchula mawu, inu mundiuze tsiku limodzi lokha limene mawuwo akukukumbutsani. Tsiku, malo, ndi amene analipo. Mawu oyamba: kusangalala."

"Tinkasangalala pa Khirisimasi."

"Khirisimasi iti?"

"Zonse."

"Imodzi, achemwali."

Ndinakhala duu, mtedza uli m'manja. Zaka 41, ukwati, ana atatu, malipiro oyamba a uphunzitsi, zonse zinali ngati phala lotakasa, palibe chimene ndikanatola n'kunena kuti ichi.

"Chabwino. Mawu ena: kulephera."

"Ine ndimalephera nthawi zonse."

"Liti?"

"Nthawi zonse, iwe, sukumva?"

Sanaseke. Anati masewerawo si ake, anawayambitsa akatswiri awiri a ku England, Mark Williams ndi Keith Broadbent, mu 1986. Iwo ankatchulira mawu otere anthu amene anagonekedwa m'chipatala atayesa kudzipha, ndiponso anthu ena oti ayerekezere nawo. Odwala aja ankachedwa kupeza chokumbukira akamva mawu osangalatsa, ndipo kawirikawiri m'malo mwa tsiku limodzi ankayankha zophatikiza, "nthawi zonse", "masiku amenewo". Kafukufuku wambiri wotsatira anapeza zomwezo mwa anthu odwala matenda a kukhumudwa. Kenako ananena chimene chinandibaya. Munthu akakumana ndi vuto, njira amaifuna m'zimene anadutsamo kale: chaka chija zinthu zitathina ndinapita kwa ndani, ndinagulitsa chiyani, ndinayambira pati. Tsono ngati mutu ukungoyankha kuti "nthawi zonse timavutika", mulibe njira mmenemo, muli khoma basi. Anandifunsa mmene banja lathu linapulumukira njala ya 2002, imene inapha anthu kuno ku Kasungu ine ndili mtsikana wazaka 19. Ndinayankha kuti tinangovutika. China ndinalibe.

Anabwerera ku Lilongwe, koma anayamba kunditumizira zowerenga pa WhatsApp, zina zazitali moti ndinkawerenga kandime kamodzi n'kutopa. Ndifotokoza zimene zinandithandiza, mmene ndinazimvera ine, osati mmene angazinenere dokotala.

Gordon Bower wa ku yunivesite ya Stanford ku America analemba mu 1981 kuti mmene mtima ulili panopa ndi mmene mutu umasankhira zokumbukira. Wosangalala zimamubwerera msanga zosangalatsa, wachisoni zachisoni. Ine ndinaziona ngati nkhokwe. Chimanga chabwino chilimo, koma mwana amene mwamutuma akungotola chofumbwa, n'kubwera kudzanena kuti chonse chafumbwa. Inu mukhumudwa, mumutumanso, iye abweretsanso chofumbwa. Miyezi itatu ndinakhala ndikukhulupirira mwana ameneyo.

Za kuiwala mchere ndi mayina, nkhani yake ili m'thupi. Hans Selye, akugwira ntchito ku Montreal ku Canada, anaonetsa mu 1936 kuti makoswe akazunzidwa m'njira zosiyanasiyana, kaya ndi kuzizira, kuvulala kapena kutopetsedwa, thupi lawo limayankha mofanana, ndipo zikapitirira limafooka. Pamwamba pa impso zathu pali tiziwalo tiwiri timene timatulutsa adrenaline ndi cortisol munthu akaona zoopsa. Anzathu a ku Chulu amene amakumana ndi njovu m'munda, makamaka chibwerere njovu 263 zimene anazisamutsa kuchokera ku Liwonde kudza ku nkhalango ya Kasungu mu 2022, amaidziwa bwino ntchito ya mahomoni amenewa: mtima kugunda, miyendo kupepuka, munthu wamkulu kulumpha mizere itatu. Koma njovu imadutsa, thupi n'kuzizira. Ngongole ya fetereza sidutsa. Imagona nawe, imadzuka nawe, thupi n'kumakhala ngati njovu ili pakhomo miyezi yathunthu.

Mkati mwa ubongo muli kachigawo kotchedwa hippocampus, kamene kamalemba zochitika zatsopano kuti zisungike, ndipo cortisol akachuluka kwa nthawi yaitali kamagwira ntchito movutikira. Mu 1999 John Newcomer ndi anzake ku St. Louis ku America anapatsa anthu abwinobwino cortisol kwa masiku anayi, wochuluka ngati wa munthu amene ali pavuto lalikulu. Kukumbukira kwawo nkhani imene auzidwa kunatsika. Atasiya kumwa, kunabwerera. Mawu akuti "kunabwerera" ndinawawerenga kangapo ndili pamkeka. Agogo anga aakazi anamwalira atatiiwala tonse, ndipo ine ndinali nditadziweruza kale kuti ndalowa njira yomweyo. Palinso china chosafuna kafukufuku: chimene sichinalowe sungachitulutse. Pamjigo paja dzanja linalandira ndalama, koma mwini dzanja anali kwina, akuwerengera matumba a fetereza.

Nanga kapu yachikasu ija? Larry Cahill ndi James McGaugh a ku California anachita kafukufuku amene anatuluka mu 1994. Anaonetsa anthu zithunzi n'kuwafotokozera nkhani, ena nkhani wamba, ena nkhani ya mnyamata amene anavulala koopsa pangozi. Patapita sabata, amene anamva yangozi anakumbukira zambiri. Koma amene anamwetsedwa kaye propranolol, mankhwala a mtima ndi BP amene amatchinga mphamvu ya adrenaline, sanaikumbukire kuposa nkhani wamba. Ndiye kuti mantha ndi chisoni n'zimene zimadinda chochitikacho, kudzera m'kachigawo kena kotchedwa amygdala, ngati chidindo cha ahedi pakalata. Ubongo wanga sunaonongeke mbali imodzi. Unadinda tsiku limodzi mwamphamvu, masiku enawo n'kumawasiya osalemba.

Apa ndichedwepo, chifukwa mpamene panali munga. Usiku uliwonse ndinkadziimba mlandu woti ndinachedwa kuwatengera amayi kuchipatala. Ndinkakumbukira bwinobwino: anayamba kudwala Lamlungu, ine ndinati tidikire malipiro, tinapita Lachitatu. Masiku atatu. Ndikanalumbira pa Baibulo. Mchimwene wanga ananditumizira nkhani ya Ulric Neisser. Chombo cha m'mlengalenga cha ku America chotchedwa Challenger chitaphulika mu Januwale 1986, katswiriyu ndi mnzake Nicole Harsch anauza ophunzira a pa Emory University kuti alembe m'mawa mwake kumene anali, chimene ankachita ndi amene anawauza. Patatha zaka pafupifupi zitatu anawafunsanso. Ambiri anafotokoza zosiyana ndi zimene analemba okha, ena zosiyana kotheratu, koma ali otsimikiza kuti akukumbukira molondola. Pansi pa nkhaniyo mchimwene wanga analemba kuti, "Achemwali, kabuku ka kuchipatala ka amayi kali kuti?"

Kanali m'sutikesi mwa mng'ono wanga. Tinakatsegula limodzi. Deti loyamba linali la Lolemba, tsiku lotsatira chiyambire kudwala, kuchipatala chaching'ono, ndipo mng'ono wanga anandikumbutsa kuti ndine ndinawakweza pakabaza, ndalama nditabwereka kwa aphunzitsi anzanga. Lachitatu linali tsiku limene anatitumiza kuchipatala chachikulu. Za kudikira malipiro ndinazinenadi, koma zinali zokhudza malata a khitchini, mwezi wina. Mutu wanga unatenga zidutswa ziwiri zoona n'kusoka chovala chabodza, ndipo ndinachivala miyezi inayi. Ndinalira tsiku limenelo kuposa pamaliro.

Kuganiza kwa usiku kuja nakonso anthu anakufufuza. Susan Nolen-Hoeksema anali atangofunsa kumene ophunzira ake a ku Stanford za mmene amachitira akakhumudwa, pamene chivomezi chachikulu chinagwedeza dera la San Francisco mu Okutobala 1989, patangotha masiku 14. Iye ndi Jannay Morrow anawafunsanso patatha masiku 10, kenako patatha masabata 7. Amene anali ndi chizolowezi chobwereza mavuto m'mutu, "chifukwa chiyani ine, zitha bwanji", ndi amene anakhumudwa kwambiri ndiponso kwa nthawi yaitali. Ife mawu ake tili nawo kale, timati wadwala maganizo, maganizo amupha. A ku Zimbabwe amati kufungisisa, ndipo kumeneko dokotala Dixon Chibanda anayambitsa mu 2006 ku Mbare mu Harare njira yoti agogo aakazi ophunzitsidwa azikhala pabenchi panja pa chipatala n'kumamvetsera anthu, kuwathandiza kutenga vuto limodzi, kuliphwanya, n'kusankha choyamba kuchita. Kafukufuku amene anatuluka mu 2016 anaonetsa kuti amene anakhala pabenchipo anachira bwino kuposa amene analandira chithandizo cha nthawi zonse. Izi ndinazikhulupirira msanga kuposa zinazo. Ophunzira a ku America amene amawayeza m'kafukufuku wambiri sanakongolepo fetereza, ndipo ndinamuuza mchimwene wanga zimenezo. Koma anthu a ku Mbare ndi ngati ife.

Kuwerenga kokha sikunandichize, ndisakunamizeni. Mu Julayi ndinakwera minibasi kupita kuchipatala cha boma ku tauni, ndipo ulendo uno ndinanena zonse: tulo, nsima, kuiwala, kulira. Anandiyeza magazi, shuga ndi BP kuti aone ngati pali china, chifukwa kuchepa kwa magazi ndi matenda ena amathanso kufooketsa munthu n'kumuiwalitsa. Kenako anandifunsa mafunso asanu ndi anayi a pepala lotchedwa PHQ-9, limene lilipo m'Chichewa, onse okhudza masabata awiri apitawo. Funso lomaliza limafunsa ngati munaganizapo kuti bola kufa. Ndinayang'ana pansi, ndinafuna kunama, koma ndinavomera. Dokotalayo sanadzidzimuke, sanandilalikire. Anafunsa mafunso ena, n'kupempha kuti abambo akunyumba alowe. Madzulo ake mankhwala onse a m'munda anachoka m'nyumba mwathu kukasungidwa kwa alamu anga. Ngati maganizo amenewo akukufikirani, uzani munthu lero lomwe, ndipo pitani kuchipatala osadikira kuti mutu uyambe wawawa kuti mupeze chonena. Kwa amene zawakulira kuli madokotala a zamaganizo ku Bwaila ku Lilongwe, ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndiponso ku Zomba, koma poyambira ndi pachipatala chanu chomwecho.

Anandipatsa amitriptyline womwa usiku. Sabata yoyamba pakamwa pankauma gwa, m'mawa ndinkadzuka ngati ndamenyedwa, ndipo ndinafuna kusiya poona kuti palibe chikusintha. Anali atandichenjeza kuti mankhwalawa amatenga masabata angapo, ndiponso kuti ndikayamba kupeza bwino ndisadule ndekha. Tulo tinabwerera poyamba. Njala inabwera pambuyo. Ndinamwa mpaka chaka chotsatira, n'kusiya pang'onopang'ono mmene anandiuzira. Ena kutchalitchi anati ndachepa chikhulupiriro. Kupemphera sindinasiye, ndipo sindinamvepo wina akuuza wodwala shuga kuti ataye mankhwala ake.

Kukwaya ndinabwerera ndisanafune. Ndinkadikira kuti mtima ufune kaye, koma anandiuza kuti pamatendawa mwendo ndi umene umatsogola, mtima umatsatira. Masabata awiri oyamba ndinkangoyendetsa milomo. Za ngongole ndinazipatsa nthawi yake: 4 koloko madzulo, pamkeka, ndi pepala ndi cholembera, abambo akunyumba ali pomwepo. Tikalemba kuti uyu timupatsa zakuti mwezi uno, uyu tikamupempha adikire soya, tatseka. Zikabwera usiku ndinkaziuza kuti ofesi yatsekedwa, mubwere mawa 4 koloko. Zimaoneka zachibwana, ndipo masiku ena sizinkamvera, koma masiku ambiri zinkamvera. Ngongoleyo sinathe ndi nzeru za akatswiri ayi, tinagulitsa mbuzi ziwiri ndi njinga. Kubanki m'khonde ndinapempha kuti ndalama iliyonse iziperekedwa pamsonkhano pokha, pamaso pa owerenga ndalama, monga malamulo a gulu amanenera kale, ndipo ndinawauza amayiwo chimene chinandichitikira. Atatu ananditsatira pambuyo pake, aliyense payekha, kudzandinong'oneza kuti nawonso sagona.

Koma chimene ndimauza aliyense ndi kope la masamba 40 limene ndinagula pagolosale. Usiku uliwonse ndinkalemba chinthu chimodzi chimene chachitika tsikulo, ndi nthawi yake, malo ake, ndi amene analipo. Osati "lero kunali bwino", koma "nthawi ya buleki, kuseri kwa Sitandade 4, kamtsikana kena kanandigawira chimbaifa". Kenako ndinkasankha mawu amodzi, monga mvula, manyazi, kuseka, n'kusaka tsiku limodzi lakale. Lamulo linali loti "nthawi zonse" ndi "kale" saloledwa m'kopemo. Poyamba ndinkakhala theka la ola tsamba lili loyera. Ndikatola kachidutswa, kaya mtundu wa diresi, ndinkakakoka pang'onopang'ono ngati muzu wa chinangwa m'dothi louma, kuopa kuti ungaduke. Mawu oipa sindinkawathawa. Pa "kulephera" ndinapeza masiku enieni anayi, ndipo zinayi si nthawi zonse.

Usiku wina mu Seputembala ndinalemba pamwamba pa tsamba mawu akuti njala, ndipo chinabwera chokha. Febuluwale 2002, m'mawa kukuwaza mvula. Amayi anandidzutsa kuti tipite kuesiteti ina kukafuna ganyu yosoka fodya. Tinayenda opanda kanthu m'mimba, iwo atafunda thumba la fetereza kumutu. Tinasoka mpaka dzuwa kupendeka, zala zitada bii ndi utomoni, ndipo anatilipira gaga wodzaza kambale kamodzi. Pobwerera anapatukira kwa mayi wina wamasiye amene ankadya zitsa za nthochi, namutapira manja awiri. Ine ndinakwiya, ndinawafunsa kuti nanga ife tidya chiyani. Anandiyang'ana, madzi akutsika pathumba lija, n'kuseka, dzino lawo lakutsogolo lobenthuka lija likuonekera. Chiwaikire m'manda ndinali ndisanaionepo nkhope yawo ikuseka, nthawi zonse inkabwera ya mu wodi. Ndinalemba masamba atatu tochi ili pakamwa, kenako ndinamuimbira mchimwene wanga, 11 koloko ya usiku, kumufunsa ngati akukumbukira phala limene tinadya tsiku limenelo. Anati anali wamng'ono, sakukumbuka, ndimuuze. Ndinamuuza.